A Basela ndi Njinga ya Akapitawo

A Basela sankadziwa kubweza njinga mmene inabwerera. Ukawasiyira kuti akonze pulagi, pulagiyo ankakonzadi, koma pokatenga unkapeza njinga yako yamera china. Dzina lawolo linachokera pomwepo. Monga wogulitsa pamsika amakuponyera basela pamwamba pa zomwe wagula, iwonso ankakuponyera chowonjezera, osakufunsa, osakulipiritsa, ndipo ukadandaula ankakuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo.

Galaja yawo inali pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa simenti. Ankakonza njinga zamoto zamatayala anayi zija, zonenepa matayala, zimene zimadutsa m'matope ndi m'miyala momwe galimoto imagwada. Kafufuzidwe kawo ka matenda kanali kawokawo. Ankagunditsa nsonga ya sukuludalaiva pa injini, chogwirira chake n'kuika kukhutu, maso tsinzinu.

"Khalani chete!" ankatero. "Ikundiuza pomwe pakupweteka."

Amene anaziona kuposa onse anali Akapitawo a pa esiteti ya mitengo. Njinga yawo inali ya kampani, yoyendera m'nkhalango. Nyumba imene ankakhala ndi akazi awo ndi ana asanu inalinso ya kampani. Munthu wotero sasewera ndi katundu wa eni ake.

Tsiku loyamba anabwera nayo ikutsokomola pa zitunda. A Basela anamvetsera n'kunena kuti kabuleta yadya fumbi, abwere mawa. Mawa lake njinga inalira bwino zedi. Akapitawo anauyamba ulendo akuimba mluzu, mpaka mbuzi inaima pakati pa msewu. Anadina hutala.

Abale inu! Dziko linanjenjemera. Mbuzi inagwa chagada miyendo m'mwamba, amayi ogulitsa tomato anathawa balalabalala, ndipo Akapitawo eniake anapezeka ali m'ngalande osadziwa kuti atsika nthawi yanji. Anabwerera ku galaja nthawi yomweyo.

"A Basela, mwaikamo chiyani muno?"

"Hutala ya lole. Yanu ija imalira ngati kamwana ka mphaka. Ndinu kapitawo inu, muzimveka."

"Ndatsala pang'ono kufa!"

"Koma simunafe. Nanga mbuziyo inachoka mumsewu?"

"Inakomoka!"

"Ndiye kuti hutala ikugwira ntchito."

Atapita nayo kachiwiri chifukwa cha mabuleki, anaipeza itavala ambulera yaikulu yowotcherera pa chitsulo, kumbuyo kuli mpando wa basi wokhala ndi poyedzamira. Akapitawo anangoti kukamwa yasa.

"Mpando uwu ndi wa ndani?"

"Wa mayi akunyumba. Mukufuna azikhala pa keliyala ngati thumba la simenti? Mulibe manyazi?"

Tayala litaphwa, inabwerako ndi nyali zisanu ndi imodzi. Atangopita kukasintha oyilo, inabwerako ndi wailesi, magalasi oonera kumbuyo aakulu oti munthu n'kumeterapo ndevu, ndi chokokera cha chingwe chachitsulo kutsogolo. Nthawi iliyonse Akapitawo ankalumbira kuti sadzapondanso pamenepo. Koma akadapita kuti? Panalibe wina wodziwa njinga zoterezi. Komanso, kunena zoona, nyengo ya mvula njinga ikatitimira m'dambo, chingwe chija ndicho chinkaitulutsa, iwo ali phee pansi pa ambulera. Mumtima anali atayamba kunyada nayo, ngakhale pakamwa ankangodandaula.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa esiteti panabwera manijala watsopano, mayi wa magalasi, wosaseka ndi munthu. Ataiona njinga ija ikulowa pageti, wailesi ikuimba, anagwetsa mafayilo onse pansi.

"Ichi n'chiyani?"

"Njinga ya kampani, madamu."

"Kampani inagula njinga. Ichi n'chonyamulira akwati!" Anatsegula buku n'kuloza chithunzi cha njingayo ili yatsopano. "Lachisanu akubwera akuluakulu kudzayendera katundu. Ikapanda kuoneka chonchi, mudzandipatse makiyi awiri, a njinga ndi a nyumba."

Thukuta linawatuluka Akapitawo mpaka kumapazi. Atafika kunyumba anatenga sipanala, namasula hutala, nadula waya wake wofiira. Atatembenuza kiyi, njinga inangoti zii. Anachotsa nyali imodzi, utsi unatuluka pansi pa mpando. Ha! Mutu unawaima. Anaikankha okha mpaka ku galaja, ana a sukulu akuwaseka njira yonse.

Kumeneko anakumana ndi chodzidzimutsa china. Chitseko cha galaja chinali chotsegula theka. A Basela, amene Akapitawo anali asanawaone kwa miyezi iwiri, anali pa mpando padzuwa atafunda bulangete, atawonda moti ovolosi inkawalendewera. Akazi a makanikoyo anatuluka msanga.

"Pepani bambo, adokotala anawaletsa kugwira sipanala."

"Adokotala sadziwa njinga," anatero a Basela ndi mawu osasa. Anaiyang'ana kamodzi kokha. "Mwadula waya wofiira, eti? Moto wa injini umadutsa mu hutalamo. Wa mabuleki umadutsa mu wailesi. Mukadandifunsa."

"Nanga mapu a mawaya amenewa ali kuti?"

A Basela anagogoda pamphumi pawo ndi chala.

Apo Akapitawo anazindikira kuti nyumba yawo yakolowekedwa pamutu pa munthu wodwala. Anachita manyazi kwambiri, koma anafotokozabe zonse, za manijala, za chithunzi, za Lachisanu.

"Chotsani zonse, a Basela. Ibwerere mmene inachokera kufakitale."

"Zonse? Ndi ambulera yomwe?"

"Zonse."

"Njinga yamaliseche? Ituluke pa galaja yanga? Anthu adzati chiyani?"

"Nyumba, achimwene. Ndili ndi ana asanu."

A Basela anachotsa bulangete.

"Mayi, ndipatseni sipanala ya teni."

Anagwira ntchitoyo masiku atatu. Ankakhala pa chigubu cha oyilo, akazi awo akuwalalatira uku akuwagwirira pulayala. Waya uliwonse ankautsata ndi zala mpaka komwe unayambira, n'kuubwezera m'malo mwake. Chilichonse chimene achotsa ankachipukuta bwinobwino asanachigoneke pa saka. Wometa tsitsi anasiya munthu atameta theka kudzaonerera, ndipo anabwerera atagwira pakamwa.

Lachisanu m'mawa njinga inaima panja ngati nkhuku yososola. Akapitawo atangogwira kiyi, inalira nthawi yomweyo. Akuluakulu anabwera, anaizungulira, anayerekeza ndi chithunzi, nalemba kuti zili bwino. Manijala sanatchulenso za makiyi. Nyumba inapulumuka.

Koma Akapitawo mtima sunakhale pansi. A Basela ankawadziwa bwino. Alendo atangotuluka pageti, anaitana antchito anayi kuti afufuze. Anatukula mpando, anasuzumira pansi pa thanki, wina anakwawira kumimba kwa njinga, wina anadina hutala atatseka khutu limodzi. Sanapeze kanthu. Akapitawo anathamangira ku galaja.

"A Basela, mwabisa pati? Nenani zoona, akuluakulu apita."

"Palibe."

"Ngakhale kabelu? Ngakhale kanyali?"

"Munati ana asanu," anatero a Basela, n'kukokera bulangete kuchibwano.

Nkhaniyi inafalikira msewu wonse dzuwa lisanapendeke. Anthu ankaima timagulu osakhulupirira. Wogulitsa simenti anakana kwamtuwagalu, mpaka anapita kukaiona yekha njingayo. Atabwerako sanaseke.

"Ngati a Basela abweza njinga yopanda basela," anatero motsitsa mawu, "ndiye kuti zavuta."

Ananena zoona. Sabata yotsatira a Basela anatisiya. Akapitawo analira kuposa achibale, moti anthu ankafunsana ngati anali mng'ono wawo. Chinkawapweteka n'chakuti mphamvu zotsiriza za mkulu uja zinathera kugumula ntchito ya manja ake, ndipo amene anamupempha anali iwo.

Masiku ano pa galajapo pali makaniko wina, wa masatifiketi opachika pakhoma, waulemu, wosunga nthawi. Ukamuuza pulagi amakonza pulagi, basi. Palibe amene amadandaula, ndipo palibenso amene amathamangira pakhomo kukaona chomwe chituluke. Msewu unangoti ziii.

Akapitawo amapitabe pomwepo. Akabwera kudzatenga njinga amaizungulira kawiri, amatukula mpando, amawerama mpaka bondo kugunda pansi. Tsiku lina makaniko uja analephera kupirira.

"Bwana, mwataya chinachake?"

"Ayi."

"Nanga ndalakwitsa pena?"

Akapitawo anadzuka, napukuta fumbi pabondo, maso ali ofiira.

"Simunalakwitse, achimwene. Mwakonza zomwe ndinakuuzani zokhazokha."