Uthenga Wopita kwa Bashi Chanda

Mpaka lero ndikadutsa pamsewu wa Bana Chanda ku Chelstone ndimayang'ana nsapato zanga. Ndinaziyamba ndekha, ndipo palibe amene anandituma.

Ndine mlembi wa mpingo wathu. Za makompyuta ndinaziphunzira ndekha m'mabuku akale ogula pansi ku Kamwala (ena analibe masamba omaliza, mwina vuto linayambira pamenepo). Ndinalemba kapulogalamu kotumiza mauthenga pa mafoni a akhristu: odwala kuwalimbikitsa, osamuka kuwatsanzika, omwalira kuwasiya mu mtendere.

Chinenero cha kompyuta chimene ndinagwiritsa ntchito n'chamtundu uja wosalamula makina kuti chita ichi, kenako icho. Umangondandalika mizere: akakhala wotere, yankho ndi ili; akakhala wotere, ndi ilo. Dzina likabwera chimaliyerekeza ndi mizereyo kuyambira pamwamba, ndipo mzere woyamba kugwirizana nalo ndiwo umalitenga. Yapansi siyionanso kanthu.

Koma chinalibe njira yoti mzere umodzi unene kuti “aliyense amene tsiku lake lobadwa lili m'sabata ino”. Wanzeru akanalemba mizere isanu ndi iwiri n'kupita kukagona. Ine ndinatsegula m'mimba mwa chinenerocho n'kuchiwonjezera luso limeneli. Zinanditengera mwezi, ndipo zitayenda ndinazungulira dera lonse la Kabwata ngati ndamanga mlatho.

Mzere wanga watsopano ndinauika pamwamba penipeni, kuti uzioneka. Chinenerocho chili ndi kamlonda kamene kamachenjeza mizere ikamaphimbana. Kanadandaula kuti mzere wanga ukulanda anthu a mizere yapansi. Ndinati kamlondaka sikadziwa zatsopano (nsanje, ndinatero mumtima), n'kukatseka pakamwa.

Mzere wa omwalira unali wachinayi.

Bashi Chanda, mkulu wa kwaya, tinawaika m'manda mu Epulo. Tsiku lawo lobadwa linali mu Juni. Lachitatu m'mawa uthenga unanyamuka: “Bashi Chanda, Mulungu akuwonjezereni zaka zambiri. Tikudikirani pa Sabata.”

Pa Sabata mkazi wawo, Bana Chanda, anandipeza kuseri kwa tchalitchi ndikusanja mipando. Anali adakali m'zakuda, foni ya malemuyo ili m'manja.

“Ba Sekeletale, shani.”

“Bwino, mayo.”

“Foni yao nimaichajing'a ine. Sinidziwa chifukwa. Yalila nili mu minibasi, naganiza ni ba loni, baja ba nkongole.” Anandionetsa uthengawo. “Mwabaitana. Babwele na chani?”

Ndinayamba kufotokoza za mizere. Ndithu, anthuni, ndinauza mayi wamasiye kuti amuna ake anagwidwa ndi mzere woyamba asanafike pa wachinayi. Anandimvetsera mpaka ndinatha, zimene zinandipweteka kuposa akanandidula.

“Imwe munanyamula bokosi,” anatero. “Kutsogolo, kumanja. Ninakuonani.”

Ndinayang'ana nsapato zanga.

“Makina yanu yanalipo pa malilo?”

“Iyayi, mayo.”

“Ndiye musayanamizile.”

Anaika foni m'chikwama n'kulowa. Sabata imeneyo sanaimbe, ndipo yotsatira sanabwere. Akulu a mpingo anapita kukapepesa, ine ndili kumbuyo kwawo nditanyamula shuga. Bana Chanda anabwerera ku tchalitchi patapita miyezi iwiri. Amandipatsa moni, koma sanditchulanso Sekeletale.

Kamlonda kaja ndinakatsegula pakamwa, ndipo ndinakaphunzitsa kuwerenga mzere wanga, ntchito imene inangotenga masana amodzi. Luso langa lidakalipo (kulichotsa mtima unakana, mundikhululukire). Koma tsopano pa chilichonse chimene ndilemba, omwalira ndimawaika pamwamba. Amoyo angathe kudikira.