Chiwawu pa Sikirini

Lolemba

Pikapu yafika! Yoyera, yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan koma ikunyezimirabe. Anthu pa Lizulu aizungulira, ena akugogoda matayala. Ine phee, makiyi m'manja, kuyankha ndi mutu basi.

Kutsogolo kuli sikirini. Ikayaka, mayi wina amalankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Sindimvapo kanthu koma ndimati zikomo. Ndalumikiza foni pa bulutufu, yagwira kamodzi n'kamodzi. Kenako funso lalitali, mabatani awiri. Ndadina lakumanzere. Mlendo sumukaniza chinthu tsiku loyamba.

Nkhani ya sabata ino ndi imodzi. Loweruka tikupita ku Kasinje kwa malume ake a Nachisale, mkazi wanga, kukapempha chitengwa. Chikamwini chandikwana! Nyumba ndinamanga kwathu ku Manjawira, yamalata, mukungogona mileme. Olola ndi amalume, koma aliyense akudziwa kuti amalola zimene mlongo wawo walola, ndipo mlongo wawoyo ndi apongozi anga. Ndiye apongozi akwere pikapu, amve nyimbo, mtima ufewe. Pulani ndi imeneyo.

Lachiwiri

Zimene sikirini ikuvomera:
- nyimbo za m'foni
- kuyankha foni, mawu n'kumatuluka m'masipika onse

Zimene ikukana:
- mavidiyo, olo uchonderere
- mapu. Akuti ndili pakati pa nyanja, chonsecho ndaima pamsika pafupi ndi mulu wa kabichi
- wailesi. Ikugwira siteshoni imodzi yokha, ya ku Mozambique, Chipwitikizi chokhachokha
- kebulo. Imangotchaja, mwaulesinso

Nachisale akuti, "Kodi mwagula galimoto kapena mwakwatira wachiwiri? Tsiku lonse muli m'menemo, kumumwetulira." Nsanje basi.

Lachitatu

Mayo ine!

Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso, mwambo sulola. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chimanga. Koma foni ilibe maso, ndiye mwambo unapeza khomo lakuseri. Amaimba m'mawa, amaimba masana. "Bambo a Tadala, kachewere mwapopera?" "Bambo a Tadala, mbuzi ikulira ija ndi yanu?" N'chifukwa chake kalekale ndinawasunga m'foni kuti Chiwawu, matenda aja owaula masamba a kachewere, mbatatesi yathu ija. Amafika osaodira, ukamadzuka munda wapsa. Dzinali timalidziwa awiri, ine ndi thumba langa.

Lero ndanyamula matumba a bambo Zuze, ogula kachewere pamsika, iwo ali pambali panga. Nyimbo zii. Pa sikirini zilembo zikuluzikulu, CHIWAWU. Ngati sizikukwana, mayi wa Chijapani wayamba zakezo, ndipo pakati pake walitchula dzinalo bwinobwino, ngati wobadwira konkuno ku Ntcheu.

A Zuze: "Aa, chiwawu chayamba kuimba foni chisanafike? Ndiye chitukuko chimenecho."

Kani batani la Lolemba lija limapempha mayina onse a m'foni, ine n'kuwapatsa ndi manja awiri!

Ndasintha. Tsopano ndi Amayi Olemekezeka. Nkhani yatha.

Lachinayi

Siinathe. Aimbanso m'mawa. M'foni: Amayi Olemekezeka. Pa sikirini: CHIWAWU. Galimotoyi inakopera mayina kamodzi, ndipo zimene inamva Lolemba ndi zomwezo. Makani ngati mboni ya pabwalo.

Ndapita kwa wokonza mafoni pamsika. Wayang'ana sikirini, wayang'ana ine. "Bwana, Chitchaina ndimayesako, koma ichi n'china." Wadinabe. Zotsatira zake:
- sikirini yasanduka yapinki
- mayi uja wayamba kupereka moni kawiri
- voliyumu ya foni yakwera mpaka kumapeto, ndipo yakana kutsika

Dzina lili pompo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano likumveka mpaka tsidya la msewu, ku Mozambique.

Ndayesa kufufuta nambala yonse m'foni. Galimoto ikuidziwabe. Ndabwezeretsa msanga, kuopa kudzayankha kuti "Ndani?"

Lachisanu

Ndachotsa batire ya galimoto kuti iiwale zonse. Yaiwala nthawi. Yaiwala siteshoni ya Chipwitikizi ija. Apongozi sinawaiwale. Ndikuimvetsa, inenso sindinakwanitsepo.

Ndamata kansalu pa sikirini. Nachisale akufunsa chifukwa chake. Ndati fumbi. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wati, "Mwayamba kumufunditsa."

Koma nzeru zabwera madzulo ndikutsuka matayala. Bulutufu ndikangozimitsa, foni ndi galimoto sizidziwana. Basi! Sabata yonse kuvutika ndi chinthu cha batani limodzi. Ndagula nkhuku yoti tikapereke kwa amalume. Ankhoswe anga atsogola kale pa minibasi. Mawa lino nkhani ikhala itatheka, ndipo mileme ya ku Manjawira iyambe kufuna kwina.

Loweruka

Kakhalidwe kake: apongozi kutsogolo chakuwindo, Nachisale pakati, woyendetsa ndi alamu anga a Gedion. Ine sindingakhale mpando umodzi ndi apongozi, ndiye mwini galimoto ali kumbuyo, pa thumba la kachewere, nkhuku pamiyendo. Bulutufu yozimitsa. Mtima m'malo.

Tisanafike patali, galimoto yaima. Nachisale watsika. "Amayi akuti muike nyimbo za kwaya yawo zija munajambula kutchalitchi." Nyimbozo zili m'foni mwanga, ndipo njira yake ndi bulutufu yomweyo.

Kupereka foni kutsogolo? Ayi ndithu. Muli mayina ena amene sindinasinthe, ndipo alamu a Gedion ndinawasunga kuti Nsabwe. Kukana? Lero? Ndaganiza: munthu ali pafupi chonchi, pakati pathu pali galasi lokha, angandiimbirenji? Ndayatsa.

Kwaya yayamba. Pagalasi ndikuona duku la apongozi likugwedera motsatira nyimbo. Pulani ikuyenda! Ndayamba kuganiza za mtundu wa makatani.

Tikutsetsereka kulowera kuchigwa, dzuwa lakula. Kwaya yaduka pakati pa aleluya. Ndasuzumira. Apongozi foni ili kukhutu.

Kansalu kagwira ntchito yake, zilembo sizikuoneka. Koma mayi uja pakamwa sindinamumate. Walitchula. Kawiri. Amayi ena amene amapita kumunda wa mpunga atembenuka.

Foni ikunjenjemera m'manja mwanga. Pofuna kudula ndadina poyankhira. Kenako mawu a apongozi, ofatsa, ndikuwamva kudzera pagalasi.

"Bambo a Tadala, ndimafuna ndifunse ngati nkhukuyo ili pamthunzi. Koma ndamva kuti galimoto yanu ikundidziwa."

Alamu a Gedion mapewa akugwedezeka, galimoto ikuyenda mokhotakhota. Nachisale sakutembenuka. Khosi lake lokha likundiuza zonse.

Ndinafunitsitsa nditadumpha. Koma nkhuku ndikanaisiyira ndani?

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Kwaya ndi yomwe ija.

Dzulo ku Kasinje ankhoswe anga analankhula bwino, osadziwa kanthu, mpaka kunditamanda kuti ndine mkamwini waulemu wosowa. Alamu a Gedion anatsamwa ndi thobwa. Amalume analandira nkhuku, anapita kuseri kwa nyumba ndi mlongo wawo, ndipo sanachedweko.

Atabwera anati, "Pempho lanu talimva, ndi labwino. Koma mlongo wangayu ndi mlimi. Akuti mbewu imene yagwidwa ndi chiwawu sasamutsira kumunda wina. Ikhale pomwe ilipo, aziiyang'anira okha."

Ankhoswe anga mpaka pano akufunsa kuti mwambi umenewu ndi wa kuti.

Zandiwawa, ndisaname. Nyumba ija ndinaimanga ndi manja angawa. Nachisale akundipatsa chakudya osalankhula, ndipo Tadala wauzidwa kuti asakwerenso galimoto yamwano.

Masana ano foni yalira, ndili kutali ndi pikapu. Amayi Olemekezeka. Ndayankha nditagwada, ngakhale sakundiona.

"Bambo a Tadala, ndine Chiwawu. Mawa mulawirire kudimba."

Ndati chabwino amayi. Ndikukanola khasu.