Nkhwali ya Kuseri kwa Hositelo

Lolemba, Meyi 1979

Nkhwali! Ikufungatira mazira m'thengo la kuseri kwa hositelo ya anyamata. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa zachilengedwe ndi choko basi, lero chamoyo chabwera chokha pasukulu.

Cholinga changa: thengolo lisakhudzidwe mpaka mazira aswe.

Ndalengeza pa asembule kuti ndikuyambitsa kalabu yoteteza nyama. Alembetsa pafupifupi onse. Funso lawo ndi limodzi: "Ili pati kwenikweni, aphunzitsi?" Ndayiwala kuti anawa akudya nyemba zofumbwa chitsegulire sukulu.

Lachiwiri

Tikupita kukaiona. Malamulo:
osalankhula
osaloza
malegeni atsale

Ndikuwauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adekhadi, mpaka kundichititsa mantha. Wina akunong'oneza mnzake kuti koma yanona.

Pobwerera ndikucheuka. Mayo ine! Tapondaponda udzu, tapanga njira yolunjika pachisa penipeni.

Lachitatu

Zomwe ndachotsa m'mawa uno:
makhwekhwe
diwa
ulimbo panthambi

Ndapempha a Namakhwa, alonda athu, kuti aziyang'anirako. Avomera ndi manja awiri, n'kubwera ndi agalu awo. Agalu osakira! Akuti ndisade nkhawa, agaluwo amangodziwa mbira, za nkhwali alibe nazo ntchito. Masana onse ndathera kupirikitsa alonda amene ndawaitana ndekha.

Lachinayi

Kanjoka kaoneka pafupi ndi zimbudzi. Kobiriwira, kopanda ululu, koma ndani angandimvere? A hedi alamula kuti udzu wonse utchetchedwe. Ndawachonderera mpaka malovu kuuma. Iwo: "Bambo, mwana akalumidwa, kwa makolo ake mukapita ndinu?" Andisiyira chitsamba chimodzi, chomwe pali chisacho.

Otchetcha ndi ana ochedwa kulowa m'kalasi. Ochedwawo ndi a kalabu yanga, achedwa ndi kusuzumira nkhwali. Woyang'anira zilango sabata ino ndine. Zitchetcho ndagawa ndi manja angawa, mtima ukuwawa.

Lachisanu

Chitsamba chatsala chokhachokha pabwalo loti see, ngati tsumba pamutu wometa. Amene sankadziwa tsopano adziwa:
makhwangwala
kabawi
ophika
amayi odutsa popita ku Njuli

Pa buleki ndakhala chapatali ndi ambulera, kuingitsa makhwangwala. Aphunzitsi anzanga akuseka pawindo, akuti ndikamaliza ndikawalonderekonso mapira kwawo. Msana ukuwawa, makope sindinachonge. Ndatopa, abale.

Loweruka

Yathawa. Sindikuiimba mlandu, ndikanakhala ine ndikanathawa Lachiwiri lomwe.

Mazira akadali ofunda. Ndawaika m'chipewa, liwiro kunyumba, poti thadzi la amake Rozi, akazi anga, nalonso likufungatira. Ayamba akana, akuti thadzi lawo silinalembetse nawo kalabu. Kenako andilanda chipewa, awalowetsa okha pansi pa nkhukuyo, osandiyang'ana n'komwe.

Lamulungu

Aswa awiri, enawo asukusa. Tianapiye ta mizeremizere, tokongola bwanji! Tangouma nthenga, tayamba kale kulithawa thadzi, kuloza kumpanda. Amake Rozi ativundikira ndi dengu, mwala pamwamba.

Kutchalitchi sindinapite. Ndangokhala pakhonde, ndikumva tikulira m'dengumo. Za kalabu zatha, mawa ndibwerera ku choko changa. Chomwe ndateteza sabata yonseyi chakwana pansi pa dengu limodzi, ndipo chisoni chandigwira.

Amake Rozi akuti ndisadzinamize, mwana wa nkhwali sawetedwa. Tsiku lomwe ndidzavundukule dengu, tidzathawira kuthengo.

Ndawafunsa kuti thengo lake liti.