Tsiku Limene Yaw Mbulanda Adalawa Kachasu

Inu, tamverani za Bambo Twumasi, mphunzitsi wa zojambula pa sukulu ina ku Kumasi. Munthuyu adapondako ku Italy ali mnyamata, kanthawi kochepa chabe, koma mpaka imvi mbuu nkhani idali yomweyo. Ngakhale muwapatse moni, yankho limadzera ku Italy.

Chuma chawo chidali chipinda cha ziboliboli za pulasitala zimene Angerezi adasiya, zotengera zosema zakale za Agiriki, zoti ana aziphunzirirapo kujambula thupi la munthu. Chachikulu pa zonse chidali cha mwamuna wamaliseche woponya mbale, amene ana adamutcha Yaw Mbulanda.

Tsiku lina ahedi, Mayi Acheampomaa, adangoti tulukiru.

"Aphunzitsi, muno mulowa makompyuta. Azungu anu afumbiwa akagone kudzala."

"Mayi, ku Italy..."

"Kuno n'ku Kumasi. Akonzeni tiwaonetse makolo pa tsiku la mphoto. Akapanda kukoma m'maso mwa anthu, lole ibwera."

Bambo Twumasi adachita mantha enieni, pakuti popanda chipindacho iwo akadakhala yani?

Ntchito idayamba ndi kutulutsa Yaw kuti akamupukute panja. Anyamulawo adali ophunzira, wolamula mwiniwake, manja kumbuyo ngati kapitawo.

"Tsitsani! Ayi, kwezani! Kodi simudanyamulepo munthu wolemekezeka?"

Adakwezadi, mbale n'kugunda pamwamba pa chitseko, Yaw n'kutera mwendo umodzi. Thyo! Pakakolo penipeni. Pulasitala amene adali naye n'kuti atathera pa mphuno ndi makutu a ziboliboli zina.

"Kapempheni kuchipatala, achimwene," adatero Mayi Boatemaa ophunzitsa zosoka. "Si amamatira omwewo othyoka miyendo?"

"Ine? Wophunzira ku Italy, kukagwadira omanga mabandeji?"

Paja safunsa adadya phula. Adadzitsekera m'chipindamo, n'kukanda ufa wa chinangwa ndi choko, n'kumata. Zitauma zidayera bwino moti adadziombera okha m'manja. Kutacha adapeza makoswe atadya chala chachikulu. Adakandanso, ulendo uno wothira tsabola wambiri, akuyetsemula, misozi chuchuchu. Ana osuzumira pawindo adafalitsa zoti aphunzitsi akulirira luso.

Tsiku lidafika. Makolo adadzaza m'chipinda atavala nsalu za kente, Yaw naye ahedi atamumanga kansalu m'chiuno kuti asachititse manyazi azimayi a kutchalitchi. Tsono inu mukudziwa, kwathu kuno chitseko sichitsekulidwa makolo akale asanathiridwe kadontho. Botolo la kachasu lidaperekedwa kwa Opanyin Gyamfi, malume awo a ahedi, nkhalamba yansangala yodziwa mayina a akufa onse a m'derali. Dzina lililonse, kadontho pansi. Atatha adamuyang'ana Yaw mwachisoni.

"Mlendoyu wakhala pakati pathu kuyambira ine ndili kumsana, osalawa kanthu. Ulemu wathu uli kuti?"

"Agogo, pansi pokha!" adakuwa Bambo Twumasi.

"Khala chete, mwana iwe. Mlendo samuikira chakumwa patali."

Khuthuu, paphazi lomatidwa lija, mpaka botolo lidauma.

Abale, chinangwa ndi chinangwa, chikanyowa chimafewa. Ahedi ali pakati pa mawu othokoza, Yaw adayamba kupendekeka. Pang'onopang'ono, mwaulemu, adawerama mpaka chipumi chidakatsamira paphewa la Opanyin, kansalu kaja n'kugwa. Bambo Twumasi adalakalaka nthaka itang'ambika.

"Walandira!" idafuula nkhalamba ija, ikumusisita kumsana. "Koma mutu ngwopepuka mzunguyu!"

Chipinda chidagwedezeka ndi phwete ndi nthungululu. Ahedi okha sadaseke. Adanunkhiza, n'kuyandikira.

"Aphunzitsi, fungo la chinangwa ndi tsabolali likuchokera kuti?"

Lolemba lole idabwera. Onyamula katundu adalowa, adaona Yaw atatsamira khoma, n'kubwerera chambuyo zipewa zili m'manja.

"Mayi, nkhani yake tamva kumsika. Chinthu chakumwa n'kuwerama kuthokoza, ife sitinyamula. Tili ndi ana."

Ahedi adaitana ena, nawonso adakana. Makompyuta adakalowa m'chipinda chosokera, moti Mayi Boatemaa, amene adapereka uphungu wabwino uja, mpaka lero moni sayankha.

Ziboliboli zikadali m'chipinda chazo chomwe chija, ana akuzijambula. Alendo akafunsa Bambo Twumasi kuti adatani kuti chiboliboli chiwerame, amakonza kolala, n'kutsokomola pang'ono.

"Ku Italy ndi mmene timachitira."