Mmene Ndinamangitsira Tepi ya Mwana Wanga

Ena amachita manyazi chifukwa anagwidwa akuba, ena chifukwa anagwidwa ndi mkazi wa mwini. Anga ine manyazi ndi a kuchenjera mopitiriza. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yangayi, kukaneneza chinthu chokhacho chimene chinkathandiza mwana wanga. Kwathu ku Senga Bay nkhaniyi amaidziwa ndi ana omwe, ndiye bola ndiinene ndekha, chifukwa ena akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Zinali zaka zakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndinali nditabwerako ku Joni ndi sikirini, deki yoonetsera matepi a mafilimu ndi kajenereta kokhosomola. Ndinamanga chisakasa cha bango kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa n'kuyamba kuonetsa mafilimu a karate kwa asodzi. Chimene chinanditchukitsa si mafilimuwo ayi, koma kumasulira. Ndinkaima pambali pa sikirini n'kumauza anthu zimene Matchaina akunena (Chitchaina sindidziwa ngakhale moni, koma munthu akalandira chibakera pamphuno, zoyankhula zake sizivuta kulota).

Masiku amenewo unkayenda khadi la chipani lili m'thumba, pakamwa utatseka ndithu. Tepi iliyonse yoonetsa anthu inkayenera kukhala ndi chidindo cha oyang'anira mafilimu, ndipo ndinkakhulupirira kuti pagulu la oonera sipalephera kukhala mmodzi wodzaonera ine, osati karate. Ine kukayikira ndinabadwa nako. Munthu akandipatsa moni kawiri tsiku limodzi ndinkagona ndikuganiza kuti akufunanji. Ndiye mutenge munthu wotere mumuike m'nyengo imeneyo, muone zotsatira zake.

Ine ndi mkazi wanga tinali ndi mwana mmodzi, Tiyamike, wa zaka zisanu. Ali ndi zaka ziwiri anadwala malungo aakulu, ndipo atachira makutu anatsekeka. Timawu tochepa timene anali atayamba kugwira tinapita ndi malungo omwewo. Kuyambira pamenepo tinkamvana mokokana. Akafuna madzi ankakoka chitenje cha amake mpaka pamtsuko, ndipo tikalephera kumumvetsa ankadzigwetsa pansi n'kulira mpaka mawu kusasa. Zinkandiwawa kwambiri, ine munthu wodyera pakamwa, kukhala ndi mwana amene sindingamuuze ngakhale kuti bwera kuno.

Tsiku lina mkazi wanga anabwera kuchokera kuchipatala ndi mlendo. Anali Mayi Chapola a ku Lifuwu, mphunzitsi wopuma ntchito amene anakhala zaka zambiri ku mishoni ina akuphunzitsa ana osamva. M'kathumba anatulutsa tepi yokulungidwa m'nsalu. Anafotokoza kuti inajambulidwa ku mishoniko, kuti muli mtsikana wina wosamva amene akuphunzitsa ana aang'ono kuyankhula ndi manja, ndipo kuti inalipo imodzi yokhayo. Anali atapeza ana asanu ndi mmodzi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Tiya wathu. Chimene ankasowa ndi deki. Anapempha kuti ndiziwabwereka chisakasa changa Loweruka m'mawa, chitseko chotseka kuti ana ena asamadzaseke anzawo.

Munthu wabwinobwino akanagwada n'kuthokoza. Ine ndinatembenuza tepi ija kuyang'ana chidindo. Panalibe. Panalibenso dzina, kapena chithunzi, kungoti bii. Ndinayang'ana mayiwo: magalasi, wotchi pamkono, ndi kabuku kolembamo maina a ana ndi a makolo awo. Kabuku kameneko ndi kamene kanandiopsa kwambiri. Ndinawafunsa kuti iwo apindulapo chiyani, anayankha kuti palibe. Apo ndiye ndinatsimikiza kuti pali nkhani, chifukwa munthu wopalasa njinga kuchokera ku Lifuwu mumchenga uja popanda chopindula sindinamuonepo.

Kukana sindikanatha, chifukwa mkazi wanga anandiyang'ana ndi diso limene amuna okwatira amalidziwa. Ndinavomera, koma ndinakonza nzeru yanga. Ndinkaliza jenereta, kulowetsa tepi, kenako n'kutuluka msanga, kuti zikadzavuta ndidzalumbire kuti ine munalibemo. Mayi Chapola anandipempha kuti ndizikhala nawo, ati bambo ndiye woyenera kuphunzira poyamba. Ndinati ndili ndi ntchito zambiri.

Ntchito zambirizo zinali kuzungulira kuseri, kuponda pachidebe chakale n'kuika diso pakabowo ka m'bango. Tsoka lake, kabowoko kankangondionetsa theka la sikirini, theka linalo litabisika ndi mzati. Ndinkaona mtsikana akugwedeza manja, nkhope ikusinthasintha, mawu ayi ndithu. Ana naonso manja m'mwamba kumutsanzira, amayi awo kumbuyo chimodzimodzi, onse duu. Chiyambire ine sindinaonepo filimu yopanda phokoso, ndipo anthu khumi ndi angapo kukhala m'chipinda chotseka osatulutsa liwu, masiku amenewo, unali msonkhano basi. Ndinaima pamenepo dzuwa likundiwotcha pakhosi, ntchentche za usipa zikundiyesa nsomba, mpaka chidebe chinabooka mwendo n'kulowamo (chipsera ndikadali nacho, ndipo ana anga obadwa pambuyo pake ndinawauza kuti ndi cha kumigodi).

Kunyumba zinthu zinayamba kusintha. Tiya anasiya kukoka chitenje. Ankaima patsogolo pa amake, timanja tikuyendayenda, amake n'kumupatsa chimene wapempha. Kulira kuja kunachepa. Kodi ine ndinakondwera? Pang'ono. Koma kwakukulu ndinkaona kuti m'nyumba mwanga momwe mwalowa chinenero chimene mwininyumba sakuchimva, ndipo ndinkati akamaseka awiriwo, ndiye kuti nkhani ndine.

Loweruka lachitatu ndinaganiza zolondola Mayi Chapola kuti ndione kumene amakapereka kabuku kaja. Ndinawatsata panjinga chapatali, ndikumabisala kuseri kwa ngolo ndi mitengo ngati wapolisi wa m'filimu. Sanakhotere ku boma, anangolunjika kwawo ku Lifuwu. Titafika m'minda ya mpunga anatsika njinga n'kundidikira pamthunzi.

"Bambo a Tiya, mwanditsatira kuchokera pamphambano paja. Kwagwanji?"

Ndinati ndabwera kudzafuna mpunga. Anangoti chabwino, n'kunditengera kwawo, kundipatsa madzi akumwa, kenako n'kundimangirira theka la thumba pakaliyala, ati ndi mphatso ya Tiya. Pobwerera tayala linaphulika ndi kulemera, ndipo ndinakankha njinga ulendo wonse. Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ayi. Njira yonse ndinkadziuza kuti munthu wosalakwa sangakupatse mpunga wochuluka chotere.

Panali nzeru ina imene tonse tinkaidziwa nthawi imeneyo, ngakhale palibe ankainena mokweza: ukaona kuti nkhani ikununkha, thamanga ukanene iwe usananenedwe, chifukwa wofika poyamba ndiye mboni, wofika pambuyo ndiye wolakwa. Lolemba m'mawa ndinapita kwa a Jafali, tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathuko. Anali munthu wa bizinesi ya utaka, wokonda kuseka, ndiponso woonera karate wanga wokhulupirika amene sankadutsira pakhomo lolipirira. Ndinawapeza akusanja nsomba m'madengu. Ndinawanong'oneza za tepi yopanda chidindo, za kabuku, za chitseko chotseka. Sanaoneke kutekeseka, ndiye ndinawonjezera. Ndinati zizindikiro za m'tepimo ine ndazimva bwinobwino, poti kumasulira ndi ntchito yanga, ndipo si za ana ayi. Apo anasiya nsomba. Ndinawapempha kuti dzina langa lisatuluke, iwo anati ndisadandaule.

Loweruka anafika phunziro litangoyamba, ali ndi anyamata awiri a chipani. Anandipeza kuseri, diso lili pabowo, n'kundiuza kuti tilowe limodzi. Amayi aja ataona malaya a anyamatawo anakumbatira ana awo. Mayi Chapola anangoimirira, n'kupereka moni mwaulemu, n'kuwapatsa alendowo benchi lakutsogolo. A Jafali analamula kuti tepi ibwezedwe poyambira.

"Achimwene, imani pamalo panu paja," anatero. "Mutimasulire ngati mmene mumachitira ndi Matchaina."

Ndinakaima pambali pa sikirini. Kanali koyamba kuona sikirini yonse. Mtsikana uja anamwetulira, n'kuika zala ziwiri pakamwa, kuzitsegula ndi kuzitseka. Ndinakonza kukhosi n'kunena kuti apa akuti aliyense atseke pakamwa, asaulule. Ndisanamalize n'komwe, mbali ija imene mzati unkandibisira inaonetsa nkhuku, yamoyo, ikujompha chimanga. Mmodzi wa anyamata aja anatsokomola.

Mtsikana anayendetsa dzanja mokhotakhota kupita kutsogolo. Ndinati apa akuti tidzazemba mwakachetechete kudzera panyanja. Panatuluka chambo pambale. A Jafali anayamba kugwedezeka mapewa.

Mtsikana anachita chizindikiro chachitatu ine ndikusakabe bodza lina. Pamenepo Tiya anadzuka pamkeka, anabwera kudzagwira dzanja langa, n'kulipinda zala mmene mtsikana uja ankachitira, moleza mtima, ngati akuphunzitsa mwana wopepera. Atakhutira analoza pasikirini. Panali mwamuna atanyamula mwana paphewa. Kenako analoza ine. Mawu oyamba amene mwana wanga anandiuza chidwalire anali akuti bambo, ndipo anandiuza tsiku limene ndinamubweretsera achipani.

A Jafali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Anati walahi chibadwire sanaonepo chiwembu cha nkhuku ndi chambo. Amayi aja anayamba kupuma bwino, inenso ndinati basi zatha. Koma atatha kuseka nkhope inagwa. Anafotokoza kuti nkhaniyi anali ataitumiza kale ku boma Lachiwiri, ndipo nkhani ikapita kumeneko sibwerera ndi pakamwa. Akapanda kupititsa tepiyo, ofunsidwa akhala iwo. Ndipo poti akuluakulu sangaonere tepi padzanja, deki ndi sikirini zipite nawo. Anyamata ananyamula katundu wanga yense ine ndikuona. Ali pakhomo, a Jafali anatembenuka, ndipo mwina pofuna kunditonthoza anati:

"Komabe zikomo achimwene potitsina khutu. Anthu atcheru ngati inu ndi ofunika."

Mkazi wanga sanandikalipire. Anabereka Tiya, mwana woti amayenda yekha, n'kutuluka osandiyang'ana. Kunena zoona ndikanakonda akanandigenda ndi benchi.

Deki ndi sikirini zinabwerako patatha miyezi iwiri, m'kati muli mphemvu. Tepi sinabwerenso. Ndinapita ku boma kangapo kukaifunsa, ndipo ulendo womaliza munthu wina anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndikuilimbikira chotere tepi imene ndinaineneza ndekha. Ndinabwerako chothamanga.

Ndinkayesa kuti Mayi Chapola sadzapondanso kwathu. Loweruka lotsatira, deki ndi sikirini zikadali ku boma, ndinangoona njinga yawo yatsamira pachisakasa. Ndinayamba kupepesa ndi mawu ambirimbiri, iwo anandidula.

"Tepi yapita, koma manja sanatilande. Inu ndinu mwachotsa sikirini, ndiye sikirini mukhala inuyo. Kagwireni nkhuku."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkaima kutsogolo, pamalo pamene pankakhala sikirini, n'kumanyamula chilichonse chimene phunziro likufuna: nkhuku, chambo, kapu, nkhafi, tsiku lina mpaka mbuzi ya eni ake. Iwo ankachita chizindikiro, ine n'kukweza chinthucho m'mwamba, osaloledwa kutulutsa liwu (asodzi amene ankandidziwa ngati katswiri womasulira ankasuzumira pabowo langa lomwe lija, n'kumagwa ndi phwete). Mwanjira imeneyo ndinaphunzira nawo, mochedwa kuposa ana onse.

Chimene sindinathe kubweza ndi mtsikana wa m'tepi uja. Kwa Tiya, iye anali munthu wamkulu woyamba kumuona amene anali ngati iyeyo, wosamva koma wovala bwino, woseka, wodziwa zinthu. Sikirini itabwerako anakaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenako anandifunsa ndi manja kuti mnzake uja ali kuti. Ndinali ndi zizindikiro zosakwana makumi awiri, ndipo panalibe chonamizira Matchaina. Ndinadziloza pachifuwa, n'kuchita chizindikiro cha kupepesa chimene ndinali nditapempha Mayi Chapola kuti andiphunzitse padera. Anandiyang'ana, n'kupita kukasewera. Sanandifunsenso.

Anthu osamva ali ndi mwambo wawo. Dzina lako la pakamwa alibe nalo ntchito, amakupatsa lawo la manja, potengera chimene amakuona nacho. Mayi Chapola dzina lawo linali magalasi. Mkazi wanga, kumwetulira kwa tsaya limodzi. Langa anandipatsa ndi ana asanu ndi mmodzi aja, atagwirizana: kupinda zala ngati kabowo n'kuika padiso. Kani masabata onse aja ankandiona, diso lili psuu m'bango, n'kumayesa kuti ndi mmene bambo a Tiya amakhalira. Ndinapempha kuti andisinthire, Mayi Chapola anati dzina la manja mwini wake sasankha.

Lero Tiya ndi mayi wa ana atatu, ali ndi malo ake ogulitsira nsomba mumsika wa ku Salima, ndipo manja ake amathamanga kuposa pakamwa panga. Akamandionetsa kwa anzake amayamba ndi chizindikiro cha bambo, kenako kabowo padiso, anzakewo n'kugwedeza mitu ngati anthu oti mbiri anaimva kale. Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti kukayikira ndinasiya. Ndinachepetsako. Koma akakhala pakhonde ndi anzakewo, manja ali yakaliyakali, ndimapezeka ndikuyang'ana cham'mbali kuti mwina akunena ine. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimamva, ndipo nthawi zambiri amakhala akunenadi ine.