Galimoto Imene Yandibweretsa

Lolemba
Khonsolo ili ndi ndalama za chitukuko chimodzi chokha m'midzi ya kunyanjayi. Andituma kukafunsa khomo ndi khomo. Chimene ambiri atchule ndicho chimangidwe. Malamulo a kafukufuku ndawawerenga: osamwetulira, osagwedeza mutu, osamuthandiza munthu kuyankha. Njinga yamoto ya ofesi ilibe mafuta, ndakwera galimoto ya okumba mijigo. Onse akufuna mjigo. Ntchito yosavuta!

Lachiwiri
Mudzi wina. Andinyamula a zaumoyo pa ambulansi. Onse: chipatala. Ndalemba.

Lachitatu
Lole ya a zankhalango, ine pamwamba pa mbande. Asodzi akufuna mitengo. Asodzi! Wina akusoka ukonde, osadzutsa mutu: "Ife achimwene, tikagona timalota mibawa basi." Anzake akutsokomola.
Chikaiko chandilowa.

Lachinayi
Ndabwerera kumudzi wa Lolemba uja pa kabaza, malaya opanda chizindikiro. Mayi woyanika usipa akundiyang'ana kuyambira kunsapato: "Kodi lero mwabwera ngati a chiyani?" Ndikuti ngati khonsolo basi. "Iii, ndiye kabwereni ndi galimoto, tidziwe chopempha." Akuti mlendo sumupempha chimene sananyamule, kumeneko nkumuchititsa manyazi.

Lachisanu
Amuna ali ku mzikiti, makomo ambiri otseka. Chimvula. Kamtsinje kamene takhala tikudutsa pamchenga kadzaza, wakabaza wakana. Ndikuwoloka madzi ali m'chiuno, mapepala pamutu. Pambali panga mayi woyembekezera, anzake awiri amugwira m'khwapa. Chipatala chili kutsidya. Ana a sukulu aima pagombe, kenako abwerera kwawo. Akuti dzinja lililonse ndi choncho.

Loweruka
Ndayenda m'midzi yonse itatu ndi funso limodzi: bwanji palibe watchula mlatho? Bambo wina wachikulire, akupala nkhafi, wadabwa nane: "Mlatho tiuze a mijigo? A milatho akadzabwera tidzawauza."
Ndapempha kuti asinthe yankho. Akana. Anayankha kale, sangaoneke abodza pamaso pa boma.

Lamulungu
Ndawerengera, ndabwerezanso. Mjigo wapambana, chipatala chachiwiri, mitengo yachitatu. Mlatho: palibe. Zimene ndaona ndekha si yankho la nzika, ndipo sindingalembe mawu amene munthu sananene. Lipoti likupita mawa: amange mjigo.
Pansi pake ndawonjezera pempho limodzi. Kafukufuku wa chaka chamawa, andikweze galimoto ya a zamisewu.