Kanyongolotsi ka a Ngozo

Lolemba

Kukuzizira koopsa, zala zikukana kompyuta. Koma ndithokoze: magetsi alipo, ndipo mpando wanga lero palibe amene waubwereka.

Abwana atsopano alamula kuti lipoti la mwezi uno lisakhale ndi "matenda osadziwika" ngakhale amodzi. Likufunika Lachisanu. Ntchito yanga ndi yomweyo: kuwerenga zimene madokotala alemba m'fayilo, n'kupatsa nthenda iliyonse nambala yake. Malungo ali ndi nambala. Kugundidwa ndi ng'ombe kuli ndi nambala. Ngakhale kugwa mumtengo wa mapeyala!

Vuto ndi kanyongolotsi. A Ngozo, dokotala wathu wachikulire, amalemba kachinthu kopindikapindika pansi pa mafayilo ena. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukaponya ku "zosadziwika". Bwanji ngati ndi nthenda yeniyeni, ine ndaibisa zaka zonsezi? Ntchito ingandithere. Ndipo a Ngozo akupuma pantchito Lachisanu lomwelo.

Pulani: kuwakhazika pansi mphindi khumi basi, andiuze.

Lachiwiri

Ndaima pakhomo la wodi ndi mafayilo pachifuwa. Amene ali ndi kanyongolotsi mwezi uno:
mwana wa chibayo,
mayi wobereka mapasa,
agogo a shuga,
ndi bambo wa ku Lizulu amene thumba la mbatatesi linamugwera kuchokera pa lole.

Nthenda yanji yogwira onsewa?

A Ngozo adutsa ngati mphepo. "Mwana wanga, ndikubwera pompano." Pompano pawo patha maola anayi. Anesi andimvera chisoni, andipatsa tiyi wa mkaka ndi mbatata yootcha. Tsiku silinapite pachabe.

Lachitatu

Ndawagwira a Ngozo! Koma magalasi awaiwala kunyumba. Atenga fayilo, aizondotsa, aiyandikitsa pamphuno. "Ndani amalemba zonyansa chonchi?" Ndisanayankhe, awaitana ku wodi ya ana.

Ndafunsa ena.
Wa kumankhwala akuti ndi dzina la mankhwala akalekale.
Anesi akuti cholembera chinkangoyesedwa.
A mlonda, atakayang'ana nthawi yaitali: "Ichi n'Chipwitikizi, chemwali. Ine ndinakhalako kutsidyaku."

Onse ndawathokoza. Palibe wandithandiza, koma aliyense anayesetsa ndi mtima wonse.

Lachinayi

Ndafukula mafayilo akale mpaka chimfine. Ndatulukira chinthu: pa onse a kanyongolotsi, palibe amene anamwalira. Onse anafika ali kayakaya, onse anabwerera kwawo. Nthenda yaulemu bwanji! Mwina aitcha dzina langa.

Ndathamangira kwa abwana. Iwo, maso ali pa foni: "Kaya imapha kaya siipha, ikhale ndi nambala."

A Ngozo apita kukaona odwala ku Nzama, abwera mawa. Mphindi khumi zanga zatsala tsiku limodzi.

Lachisanu

Phwando lotsanzikana. Mandasi, zakumwa, zolankhula zisanu ndi ziwiri. Ine fayilo ili m'khwapa.

Panja pali mzere wa anthu osaitanidwa. Wina wabwera ndi nkhuku, wina ndi kabichi, wina wangobweretsa mwana kuti a Ngozo aone mmene wakulira. Ndalowa pamzere womwewo.

Nthawi yanga yakwana. Andigwira dzanja n'kufunsa, "Kamtsikana kathu kaja kali bwanji?" Ndi iwo anandichita opaleshoni pobadwa mwana wanga, tsiku limene amayi anga anali atayamba kale kulira pakhonde. Funso langa lathawa. Ndangoti "zikomo" katatu, misozi mbwembwembwe pa fayilo ya boma.

Lipoti silinapite. Abwana andipatsa mpaka Lolemba, ndi diso loti ndisazolowere.

Loweruka

Kabaza mpaka ku Kandeu, kwawo kwa a Ngozo. Fumbi m'mano, msana ngati andipuntha.

Ndawapeza a Ngozo kudimba, avala majombo, magalasi ali pamphuno. Ayang'ana kanyongolotsi, akhosomola, ayamba kundifotokozera za mbozi za mu kabichi. Akuzemba!

Mayi Ngozo, akazi awo, andilanda fayilo n'kuseka mpaka kukhala pansi.

"Abambo, mpaka m'mapepala a boma? Mwana wanga, apa palibe nthenda. Alemba kuti Zikomo Ambuye. Akaona kuti munthu uyu watipulumuka m'manja, kenako n'kudzuka kumapita kwawo, amalemba zimenezi. Ndiye amalemba mothamanga kuti anzawo asawaseke."

A Ngozo, maso ali pa majombo: "Sindinkadziwa kuti pali amene amawerenga mpaka pansi."

Zaka zisanu ndi chimodzi! Ndabwerera ndi kabichi ziwiri ndi manyazi odzaza thumba.

Lamlungu

Ndiye kuti nthenda ya dzina langa kulibe. Mawa ndikaima pamaso pa abwana n'kunena kuti "zosadziwika" zonse zija linali pemphero, ndipo ndiyambe kukonza mafayilo a zaka zisanu ndi chimodzi, imodziimodzi. Andiseka mpaka Khirisimasi. Chabwino, aseke.

Pochoka kutchalitchi ndatsegula sutikesi kufuna kabuku kanga ka kuchipatala, kakale kaja kothothoka chikuto. Tsamba la opaleshoni. Pansi penipeni, kali pompo, kopindikapindika. Tiwiri: kena pa dzina langa, kena pamene analemba kulemera kwa mwana.

Mwanayo mwiniwake ali panja, akukana kusamba, akukuwa kuti madzi akuzizira.

Ndafufuza m'buku lonse la manambala, mwa chizolowezi chabe. Nambala yake mulibe.